Kamuvi ka pa Makina a Kuchipatala

Makina aja anafika Lachitatu madzulo, ine ndikusonkhanitsa zipangizo kuti ndiweruke. Anabwera nawo ndi achimwene anga, amene ntchito yawo ndi kugula zitsulo zakale. Anawatsitsa m'kagalimoto kawo akubuula ngati asenza nyumba.

"Makaniko, tatuluka uone katundu wako," anatero. "Ndinati ndiwaphwanye, koma ndinadziwa kuti ukamva undidya wamoyo."

Makaniko ndi ine. Dzinali anandipatsa ndi bambo ndili kamtsikana, nditamasula wailesi yawo n'kulephera kuibwezera. Pano ndimakonza mafoni ndi makompyuta m'chipinda cha kutsogolo kwa nyumba yathu. Chipindacho chili ndi tebulo lalitali, mpando umodzi, ndi windo lomwe makasitomala amaimapo.

Anali makina a kuchipatala, aja amaima pambali pa bedi n'kumaonetsa mmene mtima wa wodwala ukugundira. Anachokera ku kachipatala kena komwe kanatsekedwa. Sikirini yake inali yaikulu ngati thireyi, yokhazikika pa mtengo wachitsulo wa matayala asanu. M'mbali munali mabowo olumikizira mawaya, lina lobiriwira, lina lofiira, lina lachikasu. Mawaya opita kwa wodwala panalibe ngakhale imodzi.

Ndiulule matenda anga. Ine ndikaona chinthu cha sikirini, manja amandiyabwa kuti ndichiike sisitimu. Sisitimu ndi pulogalamu yaikulu ija imene imadzutsa kompyuta n'kumauza chiwalo chilichonse zochita. Iliyonse anaipangira makina akeake, monga nsapato ndi phazi. Koma ine chimandisangalatsa ndi kuikakamiza pomwe sanaipangire. Ndinaiikapo m'makina owerengera katundu a m'sitolo, ndinaiikapo m'kabokosi ka wailesi yakanema. Ena amati ndi luso. Achimwene amati ndi kusowa banja.

Ulendo uno ndinali ndi chifukwa chomveka. Bambo anayendetsa basi zaka makumi atatu, mpaka sitiroko inawalanda miyendo. Panthawiyi anali atatha zaka ziwiri osaponda pansi, ndipo mtima wawo unali wofooka. Mayi anatisiya kalekale, kotero m'nyumbamo tinali awiri. Ndinaganiza kuti makinawa ndikawasandutsa kompyuta, ndiziwakankhira pa bedi, bambo azionera mafilimu m'malo mowerenga malata.

Nditawauza, anandiyang'ana cham'mbali.

"Ndiye ukufuna kuika injini ya thirakitala m'basi?"

"Iyenda, bambo."

"Kuyenda iyenda. Ineyo ndinaonapo ikuyenda. Koma phokoso lake sulidziwa mpaka utailiza."

Ndinalimbana nawo madzulo atatu. Tsiku loyamba sikirini inangoti bii. Tsiku lachiwiri inayaka, koma zilembo zinali chadodolido. Ndinatsegula kumbuyo, ndinapukuta fumbi, ndinasintha kawiri fulashi yomwe munali sisitimuyo. Ndinatukwana pang'ono, motsitsa mawu kuti bambo asamve. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kudekhako ine sindinabadwe nako.

Madzulo achitatu, cha m'ma eyiti, makina anadzuka. Sikirini inawala bwinobwino, ndipo pakati pake panaoneka kamuvi koyera kaja timalozera nako zinthu. Ndinawomba m'manja ndekhandekha. Kuchipinda kwa bambo wailesi inkalira chapansipansi, ndipo ndinkawamva akukhosomola apo ndi apo.

Kenako ndinaona kuti kamuvi sikakukhazikika.

Kankadumpha pang'ono m'mwamba, n'kubwerera. Kudumpha, kubwerera. Sikankathamanga, sikankachedwa. Ndinayang'ana mausi yanga, yoyendetsera kamuviko. Inali patebulo, waya wake uli lende, ndisanailumikize n'komwe.

Sindinaope. Zoterezi pantchito yathu zimachitika. Sisitimu ikalowa m'makina achilendo imayendera chiwalo chilichonse n'kumafunsa kuti iwe ndiwe ndani. Ikapeza chomwe sikuchidziwa, imangolota. Ndinatsegula mndandanda wa ziwalo, ndipo ndinapeza kuti bowo lobiriwira lija, lolowetsa mawaya a wodwala, yalitenga ngati mausi. Ndinaseka. Ndinasuzumira m'bowomo ndi tochi. Munalibe kanthu, ngakhale fumbi.

Lamulo la ntchito yathu ndi losavuta: chiwalo chomwe sukuchidziwa ndipo chikusokoneza, chitseke. Ndinalemba mzere umodzi pa kiyibodi. Ndinadina.

Kamuvi kanaima.

Ndinatambasula msana mokhutira. Ndiye kuchipinda kwa bambo kapu inagwa pansi, n'kugubuduzika, n'kukhala chete. Wailesi inkalirabe. Kukhosomola kunalibe.

"Bambo?"

Zii.

Ndinawapeza atapendekeka pa pilo, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa. Ndinawagwedeza. Ndinaika khutu pachifuwa pawo. Munali chete ngati m'kabati.

Mpaka lero sindidziwa chomwe chinanditembenuza. Munthu wanzeru akanathamangira kwa aneba kapena kuimba foni. Ine ndinathamangira kutebulo langa. Mzere wotsegulira bowo lija ndinaulakwitsa kawiri. Kachitatu unalowa.

Kamuvi kanangokhala.

Kenako kanadumpha kamodzi. Ndinadikira, mpweya ndaugwira. Kanadumphanso. Kuchipinda kuja kunamveka chifuwa chachikulu, chokoka, ngati cha munthu wovuuka m'madzi.

Nditalowa ndinawapeza akupukuta pakamwa.

"Kodi ndinagona?" anafunsa. "Ndalota ndaima pa siteji, basi osabwera. Ineyo, kudikira basi!"

Ndinatola kapu ija n'kukaitsuka nthawi yaitali kuposa mmene kapu imafunikira.

Kutacha ndinakaitana Anesi. Ndi mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, amene anagwira ntchito ya unesi m'zipatala mpaka kupuma, ndipo dzina la ntchitolo linawakanirira. Sindinawafotokozere zambiri. Ndinangowapempha kuti agwire bambo pamkono, ndipo mtima ukagunda azigogoda khoma ndi supuni. Anandiyang'ana ngati ndayamba misala, koma anavomera.

Ndinakhala pampando wanga, maso pa sikirini. Khoma linati go, kamuvi kanadumpha. Go, kanadumpha. Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi osaphonya. Kenako bambo ananena china chake chowaseketsa Anesi, iwonso n'kuseka, ndipo supuni inafulumira. Kamuvi nakonso kanafulumira.

Anesi atabwera kudzaona, anazungulira makinawo kawiri. Anasuzumira pansi, anapapasa kumbuyo, analowetsa chala m'bowo lobiriwira.

"Waya uli kuti?"

"Palibe waya, Anesi."

"Mwana wanga, makina awa ndagwira nawo ntchito zaka zambiri. Popanda waya samva kanthu. Ndi chitsulo basi."

"Ndiye tiziti chiyani?"

Anayang'ananso kamuvi.

"Tisati chilichonse. Koma osawazimitsa."

Sindinawazimitse. Ndinapeza mabatire awiri a galimoto n'kuwalumikiza, kuti magetsi akathima makina asaphethire n'komwe. Pachitseko cha chipinda chogwirira ntchito ndinaikapo loko, kiyi n'kumuvala m'khosi pa chingwe. Makasitomala ankathera pawindo. Wina akafunsa za makinawo ndinkati ndi a kasitomala wovuta, asawakhudze. Sindinayeserenso kusintha kanthu mu sisitimu ija. Ine amene sindinkatha kuona sikuluu osaimasula, ndinkadutsa pafupi nawo chonyang'ama ngati podutsa galu wogona.

Ndinasiya kuyenda. Kumsika ndinkapita chothamanga, kuukwati wa mnzanga ndinatumiza pepani. Magetsi akathima ndinkasiya chilichonse chili m'manja n'kukaona. Nthawi zonse kamuvi ndinkakapeza kakudumpha.

Ndisaname, ndinayamba kukakonda. Ndikukonza foni ya munthu ndinkangoponya diso, n'kudziwa kuti bambo agona, kapena adzuka, kapena timu yawo yagoletsa pa wailesi. Zaka ziwiri ndinali ndikukhala ndi mantha akuti tsiku lina ndidzalowa ndi tiyi n'kuwapeza atapita. Tsopano mantha aja anali atatha. Imfa ndinali nditaitsekera ndi loko, kiyi ali pakhosi panga.

Chomwe sindinafune kuona n'chakuti thupi lawo silinkadikira. Miyendo inatupa. Msana unatuluka zilonda, ngakhale ndinkawatembenuza kangapo patsiku. Chakudya chinayamba kubwerera. Nthabwala zinachepa, kenako zinkangobwera kukakhala alendo. Titapita nawo kuchipatala, dokotala anawapima nthawi yaitali, kenako anandikokera pakhonde.

"Mtima umenewu sindikudziwa chomwe chikuuyendetsa," anatero. "Muziwasamala, ndipo mukhale okonzeka."

Ine mumtima ndinangoti, adokotala, chikuuyendetsa ndikuchidziwa, chili pa mabatire awiri.

Patatha miyezi isanu, tsiku lina ndikuwasambitsa, bambo anandigwira dzanja.

"Makaniko, chikundigwira n'chiyani?"

"Mukutanthauza chiyani, bambo?"

"Usandipusitse, ndakubereka ndine. Ndikagona ndimamva ndikutsetsereka bwinobwino, kenako china chake chimandikoka. Ndipo iwe kiyi ameneyu sumuvula ngakhale posamba."

Ndinawauza zonse. Za kamuvi, za kapu ija, za supuni ya Anesi. Ndinkayembekeza kuti aopa kapena akalipa. Iwo anaseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye ine ndikuyendera batire la galimoto? Mwati dziko ili!"

Nanenso ndinaseka, ndikumva kupepukidwa. Kenako anapukuta m'maso n'kundiyang'ana.

"Kazimitse, mwana wanga."

"Ayi."

"Ndatopa."

"Mupeza bwino. Anesi abweretsa mankhwala ena a zilondazi."

"Ndayendetsa anthu zaka makumi atatu. Palibe amene ndinamupitiriza pa siteji yake chifukwa choti ndamukonda."

"Bambo, musandipemphe zimenezo. Mukufuna ndizidzayenda mumsewu ndikudziwa kuti ndinakuphani ndi chala changa?"

Anangotembenuzira nkhope kukhoma, ine n'kupitiriza kuwapukuta msana.

Ndinena poyera, chifukwa ndakhala nazo nthawi yokwanira: sindinakanire iwo, ndinakanira ine. Ndinkaopa chala changa, inde. Koma kuposa apo ndinkaopa nyumba yopanda wondiitana. Ululu unali wawo, koma amene ndinkamumvera chisoni ndinali ine.

Bambo anayesa kupempha achimwene atabwera kudzazonda. Achimwene, munthu wophwanya mafiriji ndi nyundo tsiku lililonse, anatuluka m'chipindamo thukuta lili kamukamu.

"Ine za magetsi sindizidziwa," anandiuza pakhomo. "Ndipo makinawo ndinangokupatsa, sindinakuuze kuti uwayatse." Anakwera kagalimoto kawo osamwa ndi madzi omwe.

Anesi sanandiuze kuti ndizimitse, sanandiuzenso kuti ndisazimitse. Tsiku lina atamanga zilonda anasamba m'manja mwakachetechete, n'kunena akuyang'ana m'beseni, "Paja ndinakuuza kuti osawazimitsa. Mawu amenewo ndawabweza, usawasenzenso chifukwa cha ine."

Bambo anandipemphanso kawiri mwezi umenewo. Kawiri konseko ndinapeza chochita kukhitchini.

Madzulo omaliza anali abata. Kunkawomba kamphepo, ndipo magetsi sanavute. Bambo anandipempha kuti ndiwamete ndevu. Ndinawameta, iwo akundinena kuti dzanja langa ndi lolemera ngati la wokhoma matayala. Anamwa tiyi theka la kapu, zomwe anali asanachite sabata yonse. Ndikuwafunditsa anandisisita pamutu.

"Sindikupemphanso, Makaniko. Ndinalakwa kukusenzetsa."

Ndinasangalala. Chitsiru ine, ndinasangalala. Ndinakaona kamuvi komaliza, kakudumpha modekha, ndinakhoma loko, n'kukagona.

Ndinadzidzimuka kunja kusanayambe kuyera. Sindikudziwa chomwe chinandidzutsa. Nyumba inali zii.

Kenako ndinamva mapazi m'kanjira ka pakati pa zipinda.

Sanali mapazi a wakuba. Wakuba amanyang'ama. Awa ankaponda mosabisa, mwapang'onopang'ono, chidendene chakumanzere chikukhula pansi pang'ono. Kuyenda kumeneko ndinakulira nako. Ndi mmene bambo ankadutsira m'mamawa popita kukanyamula basi yoyamba, ine ndili kamwana m'bulangete. Ngakhale kamluzu kawo kanalipo, kaja kotulukira m'mano, kopanda nyimbo yeniyeni.

Mapazi anafika pakhomo la chipinda changa. Anaima.

Ndinapapasa pakhosi. Kiyi analipo, wofunda, pa chingwe chake. Ndinamufumbata.

Chitseko sichinagogodedwe. Sichinatsegulidwe. Ndinkangomva kupuma kwa munthu kuseri kwake, kupuma kosavuta, kopanda kukoka kuja ndinakuzolowera. Tinakhala choncho, iwo uko ine kuno, kwa nthawi yomwe sindingaiyeze.

Mapazi anayambanso, kulowera kutsogolo kwa nyumba.

Ndinadziuza kuti ndikulota. Ndinadziuza kuti munthu wa miyendo yakufa sayenda, ndipo loko satseguka wopanda kiyi. Zonsezo zinali zoona. Koma ndinali maso, ndipo miyendo yanga ine inali yabwinobwino. Ndikanatha kudzuka. Sindinadzuke. Ndinagona chagada, kiyi m'manja, misozi ikutsikira m'makutu, mpaka windo linayamba kutuwa.

Bedi la bambo ndinalipeza lopanda munthu. Bulangete linali lopindidwa bwino kumiyendo. Njinga yawo ya olumala inali pakona pomwe ndinaisiya, thaulo lili pompo.

Loko wa chipinda chogwirira ntchito anali wokhoma. Ndinamugwedeza kuti nditsimikize. Ndinavula chingwe m'khosi n'kutsegula.

Bambo anali pampando wanga, atatsamira khoma, manja pamiyendo. Nkhope yometedwa ija inali yosalala, ngati ya munthu amene wangokhala pansi ataweruka. Sikirini inali yakuda. Sanazule zinthu mwaukali ayi. Pulagi anaichotsa kukhoma, waya n'kuukulunga bwinobwino. Mitu ya mabatire anaimasula ndi sipanala yanga yaing'ono, ndipo sipanalayo anaibwezera pa msomali wake.

Ndinawagwira tsaya. Linali litazizira.

Anesi ndi amene anafika poyamba. Anagwada n'kutukula phazi limodzi la bambo, kenako linalo. Mapazi amene sanaponde pansi zaka ziwiri ndi theka anali ndi fumbi kuzidendene. Anesi anandiyang'ana, n'kutenga kansalu konyowa, n'kuwapukuta anthu asanabwere. Kenako tinawanyamula awiri kuwabwezera pabedi.

Koma nkhani sibisika. Wina anationa pawindo, ndipo pofika tsiku loika maliro mzere wonse wa nyumba zathu unkanong'ona. Ena ankati ndinawanyamula ndekha usiku, mutu utandisokonekera ndi kutopa. Ena ankati makina a kuchipatala aona anthu ambiri akutsirizika, ndiye amadziwa kuitana. Mayi wina wogulitsa makala anauza anzake kuti anakumana ndi bambo mbandakucha pa siteji, ataima mowongoka, akuyang'ana kumene basi imachokera. Anesi akafunsidwa amangoti, "Munthu uja anali wodwala mtima," n'kupitiriza ulendo wawo.

Ine ndinawakwiyira bambo sabata yathunthu. Ndinkalowa m'chipinda chawo n'kumawakalipira ngati alipo. Kenako mkwiyo unaphwa, ndipo ndinaona chomwe anachita. Ntchito yomwe inali yanga, yomwe ndinaikana katatu, anadzuka n'kukaigwira okha, kuti ine ndisadzakhale mwana amene anazimitsa bambo ake. Ndipo pakhomo panga paja sanaime kuti atenge kiyi. Anaima kuti aone ngati ndiwaletsa.

Makina aja alipobe, pakona, nditawafunditsa nsalu. Achimwene abwera kawiri kudzawafuna kuti akawaphwanye, ndipo ndawakaniza. Sindidziwa kuti nyundo ikagwera pa bowo lobiriwira lija, kwinakwake kugwa ndani.

Masiku ena ndikaweruka, nyumba ikachita zii kwambiri, ndimavundukula nsaluyo. Ndimatenga pulagi n'kuiyang'ana. Sisitimu ija ikadali momwemo, ndipo ndikudziwa kuti ikhoza kudzuka mphindi imodzi isanathe, n'kuyamba kufunafuna. Ndiye ndimakulunganso waya n'kubwezera nsalu. M'nyumba muno mtima watsalamo umodzi wokha, ndipo ine ndikadzatopa palibe amene adzandizimitsire.